Dambo la Tres Rios ku Phoenix: ntchito imene likugwira pa madzi a suweji ndi pa mtsinje wa Salt

Ndinapita ku dambo la Tres Rios kawiri pa miyezi imene ndinakhala kwa alamu anga mumzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America. Ulendo woyamba unali mu Febuluwale, nyengo yozizira ya kumeneko ikupita kumapeto, ndipo wachiwiri unali mu Juni, dzuwa litafika poswa mtengo. Ndikulemba za malowa monga mlendo amene anawayendera wapansi, komanso monga mmodzi wa anthu amene dambolo limawatumikira, pakuti madzi ochokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'makhitchini a mbali yaikulu ya mzindawo amathera kumeneko. Maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi ndi yoyenera kuyamikiridwa, koma woyamikirayo ayenera kudziwa chimene akuyamikira, chifukwa anthu ambiri akamva za dambo lochita kukumba loyeretsera madzi amaganiza kuti bango ndi udzu zikhoza kulowa m'malo mwa makina, pamene zimene ndinaona ku Tres Rios sizikunena zimenezo.

Malowa ali kumwera chakumadzulo kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa 91st Avenue, ndipo munthu amadutsa minda ndi makola a ng'ombe zamkaka asanafike. Kulowa ndi kwaulere, koma pamafunika chilolezo chimene akuluakulu a mzinda amapereka kudzera pa intaneti, ndipo alamu anga anali atatenga kale chathu tisananyamuke. Dzina lakuti Tres Rios ndi la Chisipanishi, kutanthauza mitsinje itatu, chifukwa m'dera limeneli ndi mmene mtsinje wa Salt umathira mu Gila, ndipo kutsogolo pang'ono Agua Fria nawo umathira momwemo. Malo onse amakwana maekala pafupifupi 700, koma si onse amene mlendo amaloledwa kupondamo. Maiwe aakulu amene amalandira madzi kuchokera kumakina oyeretsera suweji ndi otchingidwa ndi mpanda wa waya, ndipo anthu amayenda m'njira ya dothi ndi miyala imene imatsata dambo lachiwiri, lalitali ndi lopapatiza, limene limapita chakumadzulo motsatira gombe la mtsinje.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake madzi oyenda m'dera limeneli ali nkhani yaikulu, ayenera kudziwa zimene zinachitikira mtsinje wa Salt. Kalekale mtsinjewu unkayenda chaka chonse, ndipo anthu amene akatswiri a mbiri amawatcha Ahohokamu anakumba ngalande zazitali zothirira chimanga, nyemba ndi thonje m'chigwa chimenechi zaka mazana ambiri Azungu asanafike. Mzinda wa Phoenix unayamba pamene alimi atsopano anafukula ngalande zakalezo. Mu 1908 anamaliza kumanga damu la Granite Reef lopatutsira madzi m'ngalande, ndipo mu 1911 anatsegulira damu lalikulu la Roosevelt kumtunda, kenaka madamu ena anatsatira. Kuyambira pamenepo madzi a mtsinjewo anayamba kuthera m'minda ndi m'mipopi, ndipo khwawa lodutsa mumzinda linasanduka mchenga ndi miyala, loona madzi pokhapokha mvula yamphamvu ikagwa kapena madamu akadzadza. M'dera limene mvula ya chaka chonse sifika mamilimita 200 pa zaka zambiri, kuuma kwa mtsinje kunatanthauza kutha kwa nkhalango za m'mphepete mwake pamodzi ndi mbalame ndi nyama zimene zinkadalira mitengoyo.

Madzi amene akuyenda lero kumunsi kwa mzindawo amachokera kumalo oyeretsera suweji a 91st Avenue, amene ndi aakulu kuposa ena onse mu Arizona. Eni ake ndi mizinda isanu, Phoenix, Glendale, Mesa, Scottsdale ndi Tempe, koma woyendetsa ntchito ndi mzinda wa Phoenix. Cha m'ma 1990 akuluakulu a mzinda anauzidwa kuti malamulo atsopano okhudza madzi otayira mumtsinje adzafuna kuti makinawo akonzedwenso pa mtengo wopitirira madola 600 miliyoni, ndipo apa ndi pamene anayamba kufufuza ngati dambo lingagwire mbali ina ya ntchitoyo motchipa. Sanathamangire kukumba maekala mazanamazana. Anayamba ndi timadambo toyesera, mothandizidwa ndi bungwe la boma la Bureau of Reclamation, ndipo timadamboto tinalandira madzi mu 1995. Atakhutira ndi zotsatira zake, nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza ntchito yaikuluyo mu 2000, nthambi ya zomangamanga ya asilikali, US Army Corps of Engineers, inagwirizana ndi mzindawo pomanga, ndipo maiwe aakulu anayamba kugwira ntchito cha mu 2010. Kuleza mtima kumeneku, zaka pafupifupi 15 kuchokera pa kuyesa kufika pa dambo lenileni, ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimazilemekeza kwambiri pa ntchito yonseyi.

Titangoyamba kuyenda, chinthu choyamba chimene ndinafuna kuona chinali madziwo. Ndinagwada pamalo ena pamene amatsika pa kakhoma ka simenti n'kulowa m'ngalande, ndipo ndinawayang'anitsitsa kwa kanthawi. Anali oyera moti timiyala ta pansi tinkaoneka, ngakhale kuti pamene ankagwera pankachita thovu pang'ono, ndipo m'mbali mwa simentimo munali ndere zobiriwira zimene zinkagwedezeka motsatira mayendedwe a madzi. Fungo linalipo, koma linali la matope ndi zomera zovunda, monga limene munthu amalimva padambo lililonse mvula ikatha, osati fungo la chimbudzi. Ndinafunsa kuti, “Alamu, kodi madzi awa ndi omwe aja timataya kunyumba?” Iwo anayankha kuti, “Ndi omwewo, koma musaiwale kuti asanafike pano adutsa kale m'makina, ndipo dambo likungomalizitsa.” Yankho limeneli ndi limene aliyense wopita kumeneko ayenera kulisunga. Suweji ikafika ku 91st Avenue imasefedwa kuchotsa zinyalala ndi mchenga, imadikha m'matanki kuti zolemera zitsike pansi, imapopedwera mpweya kuti mabakiteriya adye zonyansa, kenaka imathiridwa mankhwala ophera tizilombo toyambitsa matenda. Madzi olowa m'dambo amakhala atafika kale pamlingo umenewo, komabe si akumwa ndipo si osambamo.

Tsono dambolo limachita chiyani? Ntchito yake yoyamba ndi yosavuta kuimvetsa. Anthu amagwiritsa ntchito madzi ambiri m'mawa ndi madzulo, ochepa usiku, kotero madzi otuluka m'makina amachuluka ndi kuchepa malinga ndi nthawi ya tsiku, ndipo maiwe aakulu aja amawasunga n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kuti mtsinje uzilandira madzi mofanana usana ndi usiku. Pa nthawi imene madziwo akukhala padzuwa, mankhwala a klorini amene anatsalamo, omwe ndi oopsa kwa nsomba, amatha mphamvu. Ntchito yachiwiri, imene ndi yozama, ikukhudza nayitirojeni, chinthu chomwe chija alimi amachifuna mu feteleza wa yureya. Nayitirojeni ikachuluka mumtsinje ndere zimamera mopitirira muyeso, ndipo zikafa n'kuyamba kuola zimamaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa. M'dambo, zomera zimayamwako mbali ina pokula, koma mbali imene imachokeratu imachotsedwa ndi mabakiteriya okhala m'matope ndi pa mizu. Pafupi ndi muzu pamakhala mpweya wa okosijeni umene chomera chimatsitsa kuchokera m'masamba, ndipo mabakiteriya a pamenepo amasandutsa amoniya, amene ndi mtundu umodzi wa nayitirojeni, kukhala mtundu wina wotchedwa naitireti. Pang'ono chabe kutali ndi muzuwo, m'matope akuda opanda mpweya, mabakiteriya a mtundu wina amadya zomera zovunda n'kusandutsa naitireti uja kukhala mpweya umene umakwera kumwamba osavulaza kanthu. N'chifukwa chake masamba ouma ogwera m'madzi sali zinyalala m'dambo lotere, koma chakudya cha antchito osaoneka ndi maso amene ntchito yonse yatsamira pa iwo.

Zomera zimene zimadzadza maiwewo sizachilendo kwa munthu amene anayendako ku nyanja ya Chilwa. Yochuluka ndi njedza, ya masamba aatali ndi ngala zofiirira zooneka ngati soseji yobayidwa pa kamtengo, ndipo pambali pake pali mitundu ya udzu wa m'madzi wofanana ndi mlulu. Ndinathyola ngala imodzi youma imene inali itagwera m'njira, ndipo nditangoifinya pang'ono inaphulika n'kutulutsa ubweya wambirimbiri wonyamula timbewu, umene mphepo inauulutsira pamadzi. Nditaona zimenezo ndinamvetsa chifukwa chake chomerachi chimalanda malo msanga, ndi chifukwa chake oyang'anira dambo lotere sangalisiye lokha, pakuti njedza ikatseka ponseponse madzi amadzipezera kanjira kamodzi kachidule n'kudutsa mothamanga osayeretsedwa mokwanira.

Ulendo wanga wa mu Juni unandithandiza kumvetsa chinthu china chimene akatswiri a pa yunivesite ya Arizona State, motsogozedwa ndi Dan Childers, anapeza atayeza dambolo kwa zaka zingapo. M'chilimwe cha ku Phoenix kutentha kumapitirira madigiri 43 masiku ambiri, moti mu 2023 kunatentha motero masiku 31 otsatizana, ndipo mpweya umakhala wouma kwambiri. Zomera za m'dambo zimatulutsa madzi ochuluka kudzera m'masamba kuti zisapse, ndipo madzi otayikawo amalowedwa m'malo ndi ena amene amakokedwa kuchokera pakati pa dziwe kulowa m'zomeramo. Motero zomerazo zimakhala ngati pampu imene ikukankhira madzi atsopano kumizu kumene kuli mabakiteriya, ndipo dambolo limachotsa nayitirojeni yambiri kuposa mmene omanga ankayembekezera. Nditaima pafupi ndi njedza m'mawa umenewo, ndinamva chinyezi pankhope chimene sichinkamveka ndikangosuntha mapazi khumi kubwerera kunjira youma. Phindu limeneli lili ndi mtengo wake, chifukwa madzi okwera kumwambawo safika kumtsinje, ndipo m'chipululu madzi aliwonse otayika amawerengedwa.

Kumbali ya zamoyo, malowa anandikhutiritsa kotheratu, makamaka mu Febuluwale pamene mbalame zothawa chisanu kumpoto zimakhala zilipo. Akuluakulu a mzinda amanena kuti mitundu ya mbalame yoposa 150 yaonekapo kumeneko. Ine ndinaona akakowa oyera ataima m'madzi osaya, abakha a m'tchire amitundumitundu, ndi gulu la avuwo oyera likuuluka mozungulira pamwamba pa maiwe otchingidwa aja. Mbalame imene ndinaiyang'ana nthawi yaitali inali yaing'ono, yakuda kumsana ndi yoyera kumimba, ya miyendo yofiira yaitali kwambiri poyerekeza ndi thupi lake. Inkayenda mwaulemu m'matope, kukweza mwendo umodzi mpaka utatuluka m'madzi, kuima, kenaka n'kujompha kachilombo ndi mlomo wake wowonda ngati singano. Mbalame yotere siingakhale pamalo opanda tizilombo ta m'madzi, ndipo tizilomboto sitingaswane m'madzi akupha, kotero kupezeka kwake kunali umboni umene ndinaukhulupirira kuposa chikwangwani chilichonse. Kutsogolo tinapeza chitsa cha mtengo waung'ono chosongoka ngati pensulo, chili ndi zipsera za mano, ndipo alamu anandiuza kuti imeneyo ndi ntchito ya beaver, nyama ya m'madzi imene imagwetsa mitengo n'kutseka nayo mitsinje. M'derali mulinso coyote, wofanana ndi nkhandwe, ndi bobcat, wofanana ndi vumbwe, ngakhale kuti ife tinangoona mapazi awo pafumbi.

Kubwezeretsa mtsinje sikunathere pa kuthiramo madzi. Khwawa la Salt ndi la Gila linali litadzadza ndi chitsamba chobwera chotchedwa saltcedar, chimene chinachokera ku Ulaya ndi ku Asia m'zaka za m'ma 1800, ndipo chimamera mothithikana, kugwetsa masamba amchere pansi ndi kutsekereza madzi osefukira. Omanga anazula chitsambachi m'madera ena n'kubzala mitengo yachilengedwe ya kumeneko, monga misondodzi, cottonwood ndi mesquite, komanso anamanga chimtumbira chachitali chotchinjiriza nyumba ndi minda ya kumpoto kwa mtsinje ku madzi osefukira. Pansi pa mitengo ya cottonwood, imene masamba ake amachita phokoso ngati mvula yowaza mphepo ikawomba, ndi pamene ndinakhulupirira kuti chimene chabwerera kumeneko ndi mtsinje weniweni. Saltcedar sanathe, ndipo ndinamuona akuphukanso m'malo ena, zimene zikusonyeza kuti kumuzula ndi ntchito ya chaka ndi chaka.

Zofooka zilipo, ndipo ndizitchule mosabisa. Kwa mlendo, mbali yaikulu ya njira ilibe mthunzi, ndipo m'chilimwe kuyenda kumeneko dzuwa litakwera ndi kuika moyo pachiswe. Ndikanakondanso kuti pakhale malo okwera pamene munthu angaonere bwino maiwe otchingidwa aja, chifukwa ndi mmene muli mbalame zambiri ndiponso ndi mmene ntchito yeniyeni yoyeretsa ikuchitikira, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chake sangalole aliyense kulowamo. Kumbali ya njira yoyeretsera madziyi, madzi odikha pakati pa zomera zothithikana ndi malo amene udzudzu umakonda, ndipo ku Arizona udzudzu umafalitsa matenda a West Nile, kotero dambo lotere limafuna anthu oyeza mphutsi, kupatulira zomera ndi kusintha kuya kwa madzi nthawi ndi nthawi. Limafunanso malo aakulu kwambiri, amene mzinda wothithikana sungawapeze mosavuta. Komanso pali zinthu zimene dambo silichotsa bwino: mchere umatsala m'madzi, ndipo umawonjezeka madzi akamauma, fosifolasi, chinthu china chopezekanso mu feteleza, imangosungidwa m'matope mpaka matopewo atakhuta, ndipo zotsalira za mankhwala ena a kuchipatala zimadutsa osaphwanyika zonse.

Apa ndi pamene maganizo anga anapita kwathu. Ifenso timadziwa kuti madzi otuluka kumunsi kwa dambo amakhala oyera kuposa olowa kumtunda, ndipo mumzinda wa Lilongwe suweji imayeretsedwa m'maiwe a ku Kauma pogwiritsa ntchito dzuwa, ndere ndi nthawi, isanapite kumtsinje. Kutentha kwa kwathu kukhoza kuthandiza dambo lochita kukumba kugwira ntchito chaka chonse, ndipo pa sukulu yogonera kapena chipatala chakumudzi, dambo laling'ono loikidwa kumunsi kwa thanki ya suweji likhoza kuteteza mtsinje umene anthu amatungamo. Koma ndikuopa munthu amene angaone zithunzi za Tres Rios n'kuganiza kuti ndi zokwanira kulozetsa paipi ya suweji yosayeretsa m'dambo lachilengedwe. Kuchita zimenezo n'kupha dambolo ndi kuika pangozi amayi olima madimba m'mphepete mwake, makamaka m'dziko limene kolera ndi likodzo sizinathe, ndipo udzudzu wake umafalitsa malungo.

Chimene chinandisiya ndi nkhawa kwambiri ndi tsogolo la madzi amene dambolo limadalira. Madzi otuluka ku 91st Avenue ali ndi owafuna ambiri. Mbali ina imapopedwa m'paipi yotalika makilomita pafupifupi 58 kupita ku Palo Verde, malo opangira magetsi a nyukiliya amene ali m'chipululu kutali ndi nyanja kapena mtsinje waukulu, ndipo amaziziritsa makina awo ndi madzi a suweji oyeretsedwa. Amene adutsa m'dambo n'kulowa mumtsinje amapatutsidwanso kumunsi ndi alimi a ku Buckeye, dera la kumadzulo kwa Phoenix, kuti athirire minda. Mu Ogasiti 2021 boma la America linalengeza koyamba kuti madzi a mtsinje wa Colorado, amene Arizona imagawana ndi zigawo zina, aperewera, ndipo gawo la Arizona linadulidwa kuyambira chaka chotsatira. Mu 2023 mzinda wa Phoenix unalengeza cholinga chomanga makina oyeretsa madzi a suweji mpaka kufika pomwedwa, pamalo omwewo a 91st Avenue. Cholinga chimenechi n'chomveka kwa mzinda wa anthu oposa 1.6 miliyoni wokhala m'chipululu, ndipo sindikuchitsutsa. Chimene ndikupempha n'chakuti pogawa madziwo mtsinje uwerengedwe ngati mmodzi wa oyenera kulandira, chifukwa misondodzi ndi cottonwood zimene zatenga zaka zoposa khumi kuti zikule zikhoza kuuma m'chilimwe chimodzi chokha madzi atatsekedwa.

Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene ali ku Arizona, makamaka wophunzira za madzi, zaulimi kapena zaumoyo, ndikulimbikitsa kuti apiteko, ndipo nthawi yabwino ndi kuyambira Novembala mpaka Malichi. Atenge chilolezo asananyamuke, afike dzuwa likungotuluka pamene mbalame zikudya, avale chipewa ndi nsapato zotseka chifukwa m'chipululumo muli njoka zaululu, ndipo anyamule madzi akumwa okwanira ulendo wopita ndi wobwerera. Ngati ali ndi ana, awagwire dzanja pafupi ndi ngalande, pakuti m'malo ena madzi ake amathamanga ndipo m'mbali mwake ndi moterera. Ife tinayenda pafupifupi maola atatu pa ulendo wa mu Febuluwale osafika kumapeto kwa njira, ndipo amene akufuna kukafika kufupi ndi pamene Salt amakumana ndi Gila akonzekere kutha m'mawa wonse.